Kupeza vuto la mashimu a mabeyaringi pomanga giyabokosi pakhomo

Izi ndikulembera abale amene mwatsitsa giyabokosi ya manyuwo pakhomo, mwaimasula yonse, mwagula mabeyaringi atsopano ndiye mwafika pomanga koma zinthu zakana. Mukangomanga mabawuti a kesingi shafiti ikuuma gwa osatheka kuizunguza ndi dzanja, kapena ikuzungulira bwinobwino koma mukaikankha ikupita kutsogolo nkubwerera, kapenanso mwayeza kusuntha kwake kangapo ndipo ulendo uliwonse nambala ikutuluka ina. Kuno ku Harare ambirife ntchitoyi timagwirira pabwalo, ku Mufakose, ku Highfield, ku Dzivaresekwa, giyabokosi ili pa tebulo la matabwa kuseri kwa nyumba, ndipo magalimoto ake ndi omwewa, Hiace ya kombi, Hardbody, Isuzu KB, ma Mazda B aja ankamangidwa ku Willowvale, ma Corolla akale. Za CVT ya Honda Fit kapena otomatiki musazisakanize ndi izi, imeneyo ndi nkhani ina.

Shimu ndi kawashala kachitsulo kopyapyala kamene kamakhala kuseri kwa beyaringi kuti shafiti isamasuke kapena kufinyika mopitirira. Imene munaipeza mkatimo inasankhidwa kufakitale atayeza kesingi imeneyo, shafiti imeneyo ndi beyaringi imene inalimo. Mukasintha beyaringi, kapena hafu ya kesingi, kapena shafiti, shimu yakale ija mwina ikwana mwina ayi, ndipo ndi maso simungadziwe, muyenera kuyeza basi. Komanso nambala ikamasinthasintha poyeza, nthawi zambiri vuto si shimu, pali china chimene sichinakhale pamalo pake, ndiye kuthamangira kukagula shimu ina ndi kutaya madola chabe.

Choyamba dziwani beyaringi yanu ndi yamtundu wanji

Mabeyaringi amene shimu imawakhudza ali mitundu iwiri ndipo amafuna zinthu zotsutsana. Ya timipira ija imabwera yonse pamodzi, imeneyo imafuna kampata pang'ono kuti shafiti izitha kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo, m'buku amalemba end float kapena end play, ife timangoti pulei. Mukaipanikiza cham'mbali timipira timayamba kukanda m'mphepete mwa njira yake, imatentha ndipo sikhalitsa. Ya marola opendekeka, ija timati taper, imabwera zidutswa ziwiri, kapu imene imalowa mukesingi ndi koni imene imalowa pashafiti. Iyi m'magiyabokosi ambiri imafuna kufinyidwa pang'ono, pulei isakhalepo olo pang'ono, ndiye preload imeneyo. Koma si onse ayi, alipo magiyabokosi amene taper ya pa input shaft, shafiti yolandira mphamvu kuchokera ku injini, amaisiyira kapulei kochepa kwambiri, ndiye musalote, onani buku.

Chifukwa chimene taper imafinyidwira muchimvetse, chikuthandizani kutsogoloku. Makesingi ambiri ndi a aluminiyamu pomwe shafiti ndi yachitsulo, ndipo aluminiyamu ikatentha imafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Pa mita imodzi, digiri iliyonse, aluminiyamu imatalika cha m'ma 0.023 mm pomwe chitsulo 0.012 mm. Tengani mabeyaringi awiri otalikirana 200 mm, giyabokosi itenthe ndi madigiri 60 kuposa mmene inalili pomanga, kusiyana kwake kukufika pa 0.13 mm. Tsitsi la munthu limakhala pakati pa 0.05 ndi 0.1 mm, ndiye mukuona kuti tikulimbana ndi tinthu tating'ono bwanji. Ngati munamanga taper pa zilo osaifinya, pomafika ku Norton kapena ku Marondera, matauni a pafupi ndi Harare, shafiti yayamba kale kugwedera ndipo mano a magiya sakugwirana pamene amayenera kugwirana.

Buku ndi zida

Buku mulifufuze ndi kodi ya giyabokosi osati dzina la galimoto, chifukwa galimoto yochokera ku Japan ndi inzake yomangidwa ku South Africa zimatha kukhala ndi dzina limodzi koma mkati mosiyana. Kodi imakhala yodindidwa pakesingi, pa Toyota imalembedwanso pa kapuleti kamene kali ndi nambala ya chassis, pamzere wa TRANS/AXLE. Onetsetsaninso kuti bukulo likuyeza mu chiyani. Mabuku akale ngati a Land Rover ndi amadala ena a kuno amawerenga mu thou, ndipo thou imodzi ndi 0.0254 mm, kutanthauza kuti 0.004 ya inchi ndi 0.10 mm. Munthu akakuuzani kuti "isiyireni folo" mumufunse kuti folo chani.

Zida zofunika ndi dial gauge (geji ya muvi yoyezera kusuntha kochepa) ndi choimikira chake, micrometer ya 0 mpaka 25 mm yoyezera makulidwe, feeler gauge (timasamba tachitsulo topyapyala toyezera mpata), torque wrench, sikelo yaing'ono ya sipiring'i ija yokoka ndi mbedza, palafini ndi oyilo wa giyabokosi. Vernier ndi yabwino pa zambiri koma poyeza shimu ine sindiikhulupirira, chala chikangofinya pang'ono nambala yasintha kale ndi 0.02 kapena 0.03, ndipo apa ndi zambiri zimenezo. Dial gauge ngati mulibe bwerekani, amakaniko ena a ku Gazaland, kwa magalaji ku Highfield, ali nayo, kapena muitanitse munthu abwere nayo mumupatse kangachepe. Choimikira chake nthawi zambiri ndi cha maginito ndipo maginito sagwira aluminiyamu, ndiye dulani kachitsulo kafulati kokhuthala, bowolani, mukamange pa bowo limodzi la bawuti pakesingi, maginito akhale pamenepo. Musaimike geji patebulo kesingi ili payokha, chifukwa mukamakankha shafiti kesingi nayo imasuntha ndiye muziwerenga zabodza.

Kutsuka ndi kukhazika makapu

Apa ndi pamene mavuto ambiri amabadwira, ndiye musafulumire. Tsukani kesingi ndi palafini, makamaka m'dzenje mmene kapu imakhala, ndipo pitani ndi chikhadabo pakona yapansi pozungulira ponse. Mumapeza tizitsulo, silikoni wouma, kapena kachilonda kotukuka kamene panchi inasiya pochotsa kapu yakale. Kachilonda kameneko kapaleni ndi mwala wonolera kapena kafayilo kosalala mpaka chala chisamamve kanthu. Pamilomo pamene mahafu awiri a kesingi amakumana chotsani gasiketi yakale yense, osati ndi gilayinda kapena sandipepala wokhakhala, palani ndi lezala mopendeketsa. Miyezi ya mphepo ija, Ogasiti mpaka Okutobala, fumbi la kuno limalowa paliponse, ndiye chilichonse chimene mwatsuka chivundikireni ndi pepala kapena pulasitiki, ndipo nsanza yotuluka ubweya ikhale kutali.

Kenako yang'anani dzenjelo. Ngati mkati mwake mukunyezimira ngati mwapolishidwa, kapena muli mizere yozungulira, kapena kapu yatsopano ikungolowa ndi chala, ndiye kuti kapu yakale inkazungulira mukesingi. Zikatere shimu siingathandize kanthu, kesingi ipite ku engineering akaikemo sleeve, mphete yachitsulo yobwezeretsa kukula kwa dzenjelo, kapena mupeze hafu ina. Zomenya timadontho ndi panchi m'dzenjemo kuti kapu igwire ndi zongonamizira, imagwira miyezi yochepa nkuyambanso kuzungulira.

Polowetsa kapu, iikeni mufiliji kwa kanthawi magetsi akakhalapo, kesingi muitenthetse ndi madzi otentha nkuipukuta iume, ndiye imalowa mosavuta. Pomenyera gwiritsani kapu yakale imene mwaichepetsa kunja kwake pa gilayinda kuti isakanirire m'dzenje. Menyani mozungulira pang'onopang'ono ndipo mvetserani, ikamalowa hamala imamveka mofewa, ikafika pansi kulira kumasintha nkukhala kouma. Musadalire khutu lokha, tengani feeler gauge yopyapyala kwambiri, 0.03 kapena 0.05 mm, yesani kuilowetsa kuseri kwa kapu pamene pali mpata wofikira, isalowe paliponse. Koni nayo ifike pa phewa la shafiti. Itenthetseni mu oyilo cha m'ma madigiri 80 mpaka 100, isapitirire 120 chifukwa chitsulo chake chimafooka, ndipo moto wa gasi usaiyandikire. Pokankha, paipi igunde mphete yamkati yokha osati khola la marola. Koni yotentha ikamazizira imatha kubwerera pang'ono kuchoka paphewa, ndiye ikazizira igogodeninso ndi paipi ija muone ndi feeler.

Mukatero dikirani zonse zizizire mofanana musanayeze. Kesingi imene yakhala padzuwa la Okutobala ndi shafiti imene inali m'nyumba sizingakupatseni nambala yoona. Yezerani pamthunzi, bwino kum'mawa.

Kuyeza pulei

Shafiti iliyonse iyezedwe payokha, kapena difu, ija imagawa mphamvu ku magudumu awiri, payokha ngati ndi galimoto yokoka ndi kutsogolo. Mukaika zonse pamodzi mano amagwirana ndipo simudziwa kuti chikuuma ndi chiti. Ikani shimu yoyesera yopyapyala imene mwaiyeza kale ndi micrometer, yopyapyala ndithu kuti pulei ikhalepo yoti muione, kapena musaike shimu konse ngati buku likutero. Pakani mabeyaringi oyilo wa giyabokosi pang'ono, osati girizi, girizi amatenga malo ndipo amabisa pulei.

Tsekani kesingi. Ngati giyabokosi yanu imagwiritsa gasiketi ya pepala, ikani gasiketi yatsopano yofanana ndi imene mudzamange nayo. Ngati imagwiritsa silikoni, tsekani youma popanda kanthu. Mabawuti onse alowe, osati anayi a m'makona okha, ndipo mumange ndi torque wrench mopingasa kufika pa nambala ya m'buku, chifukwa kesingi ya aluminiyamu imapindika pang'ono ndipo mabawuti anayi ndi mabawuti onse amapereka manambala osiyana. Madawelo aja, timapini tolondolera mahafu awiri, akhalepo onse.

Tsopano chinthu chimene ambiri amadumpha. Marola a taper sakhala pansi okha, amafunika kuzunguzidwa kuti atsetsereke kufika paphewa la koni. Ndiye imikani kesingi shafiti iloze kumwamba, ikankhireni pansi uku mukuizunguza uku ndi uku kakhumi kapena kuposa. Ikani nsonga ya geji pamutu pa shafiti, ikhale mowongoka motsatira shafitiyo osati mopendekeka, ikanikizeni pang'ono kuti muvi ukhale ndi poyendera mbali zonse, ikani pa zilo. Lembani kachizindikiro ndi maka pamene nsonga yagunda. Kenako kwezani shafiti m'mwamba, ndi masikuludiraiva awiri mbali ziwiri kapena pogwira ndi vise grip pamalo opanda ntchito mutakulunga kansalu, izunguzeninso uku mukukoka, bwererani pachizindikiro chija muwerenge. Mphamvu ikhale yofanana ulendo uliwonse, yokwanira kunyamula shafiti koma osati yopinda kesingi.

Chitani katatu. Manambala akasiyana ndi 0.01 kapena 0.02 mm palibe vuto, tengani yapakati. Akasiyana kuposa pamenepo musawerengere shimu, pitani kaye pagawo la mavuto m'munsimu.

Masamu ake ndi ochepa. Manambala awa ndi achitsanzo chabe, anu mutenge m'buku. Tinene kuti shimu yoyesera ndi 1.00 mm ndipo pulei yatuluka 0.28 mm. Kuti pulei ithe mukufunika 1.28 mm. Ngati ndi taper ndipo buku likufuna preload ya 0.15 mm, mukuwonjezera, shimu ndi 1.43 mm. Ngati ndi ya timipira ndipo buku likufuna pulei ya pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm, mukuchotsera, 1.28 kuchotsa 0.08 ndi 1.20 mm. Lembani papepala, osasunga m'mutu, munthu ukatopa umawonjezera pofunika kuchotsera. Mashimu ambiri amabwera motalikirana ndi 0.05 mm ndiye 1.43 simuipeza, musankha pakati pa 1.40 ndi 1.45, ndipo chimene chigamule ndi kuyeza kuuma kwake pozunguza.

Ngati dial gauge yasowa, kapena shafiti ili kobisika koti nsonga singafike, pali njira ya waya wa mtovu uja wowotcherera mawailesi. Imagwira bwino pamene beyaringi kapena kapu imatsetsereka m'dzenje ndipo shimu imakhala pakati pa iyo ndi chivundikiro. Dulani tizidutswa titatu kapena tinayi ta waya wokhuthala pang'ono kuposa mpata umene mukuyembekezera, timateni ndi kadontho ka girizi motalikirana mofanana pamene shimu imakhala, tsekani nkumanga mabawuti pa nambala yake uku mukuzunguza shafiti. Mukatsegula tizidutswa tija taphwatalala, tiyezeni ndi micrometer mosafinya, mutenge yapakati, umenewo ndi mpata wanu. Musaike waya wokhuthala kwambiri, umakana kuphwanyika ndipo umakankha beyaringi mopitirira. Ubwino wina wa njirayi ndi woti kachidutswa kamodzi kakatuluka kopyapyala kwambiri kuposa tinzake, mwadziwa kale kuti china chake chapendekeka.

Kuyeza kuuma pozunguza

Preload simungaione pa geji chifukwa pulei palibe, imaoneka pa mphamvu imene ikufunika kuti shafiti izungulire. Mabuku a Toyota a magiyabokosi a Corolla akale a banja la C50, mwachitsanzo, amapereka pa mabeyaringi a difu 0.8 mpaka 1.6 Nm akakhala atsopano, ndi 0.5 mpaka 1.0 Nm akakhala ogwirapo kale ntchito. Taonani kuti yakale imafuna zochepa, ndiye beyaringi yakale mukaifinya ngati yatsopano mwaipha. Mu kgf.cm, 0.8 mpaka 1.6 Nm ndi pafupifupi 8 mpaka 16.

Torque wrench yaikulu ija yomangira mabawuti siimva manambala ang'ono chonchi, ndiye apa ndi pamene sikelo ya sipiring'i imalowera. Pa shafiti, mangani kachitsulo kopepuka kotuluka cham'mbali, bowolani kabowo pa 10 cm ndendende kuchokera pakati pa shafiti, kolekani sikelo pamenepo. Pa difu, tengani paipi yolowa pabowo la CV, pamene pamalowa shafiti yopita ku gudumu, idulireni mpata kumapeto kuti ikakole pini yapakati ya difu, kachitsulo kaja kakhale kumapeto enawo. Shafiti iloze kumwamba kuti kulemera kwa kachitsuloko kusalowe m'masamu. Kokani pang'onopang'ono, sikelo ipange kona yowongoka ndi kachitsuloko. Pa 10 cm, 8 mpaka 16 kgf.cm ndi 0.8 mpaka 1.6 kg pasikelo, mukungogawa ndi 10 basi. Werengani bwino ngati buku likunena mphamvu yoyambitsira kuzungulira kapena ya pamene ikuzungulira kale, ziwirizi zimasiyana, yoyambitsira imakhala yokwera. Oyilo silo, labala ija yotchinga oyilo pashafiti, nayo imawonjezera kuuma, ndiye ngati buku silinanene kuti ikhalemo, yezani isanalowe. Musanawerenge zunguzani kaye kambirimbiri mbali zonse kuti marola akhale pansi.

Dzanja nalo limve. Preload yabwino imauma mofanana kuzungulira konse, mosalala. Ikamauma pena nkumasuka pena, kapena kumveka ngati muli mchenga, nambala ya sikelo ilibe ntchito, tsegulani.

Zikakana, yang'anani izi

Manambala akusintha ulendo uliwonse. Yambani ndi geji, gwedezani choimikira ndi chala muone ngati muvi ukubwerera pa zilo, nthawi zambiri kamfundo kena kamakhala kosamanga. Onani ngati nsonga ikugunda pamalo osalala, osati m'mphepete mwa kabowo ka pakati pa shafiti. Geji ikakhala bwino ndiye kuti marola simukuwakhazika, zunguzani kwambiri mukukankha. Ngati pulei ikumka ikula ulendo uliwonse, kapu kapena koni inali isanafike pansi ndipo mukuikhazika ndi kukoka kwanuko, tsegulani muimalize bwino muyambirenso.

Shafiti yauma gwa ndi shimu yomwe inalimo kale. Musanaiweruze shimu funsani mafunso awa. Kodi panali gasiketi ya pepala ndipo inu mwaika silikoni yekha? Gasiketi ili ndi makulidwe ake, mukaichotsa mahafu amayandikana ndipo mwafinya mabeyaringi ndi makulidwe onsewo, izi zimachitika kwambiri. Kodi mashimu a mashafiti awiri sanasinthane potsuka? Amafanana ndi maso, ndiye pomasula muzimangirira shimu iliyonse ndi waya ku kapu yake yakale. Kodi shimu yakhala fulati, kapena yakwera pakona ya dzenje? Kodi nambala ya beyaringi yatsopano ikufanana yonse mpaka zilembo zakumapeto? Mabeyaringi awiri amatha kufanana bowo ndi kunja koma kusiyana kutalika. Ikani koni yakale mukapu yake pagalasi kapena pa chitsulo chosalala, yatsopano pambali pake, yezani kutalika kwa zonse ziwiri muone. Ndipo kapu ya kampani ina ndi koni ya kampani ina musaphatikize, ngakhale kapu yakale ndi koni yatsopano ayi.

Njira yachidule yotsimikizira kuti kuumako kukuchokera pa shimu ndi kumasula mabawuti a kesingi pang'onopang'ono uku mukuzunguza. Shafiti ikamasuka mahafu atangotseguka pang'ono mofanana, ndiye kuti shimu yakula, ndipo mpata umenewo mukauyeza ndi feeler mozungulira mudziwa kuti yakula ndi zingati pafupifupi. Ikamasuka mutamasula mbali imodzi yokha, kesingi yapindika kapena dawelo lalowa mokhota.

Pulei yachuluka kwambiri moti shimu yokhuthala kwambiri ya m'buku siikukwana. Apa musaunjike mashimu, pali chimene chadyeka kapena chasowa. Yang'anani pansi pa dzenje ngati shimu yakale inakumba, yang'anani phewa la shafiti, onani chithunzi cha m'buku muwerenge ma spacer ndi mawashala ngati onse alipo. Kumbukiraninso kuti pulei ina si ya mabeyaringi a kesingi. M'magiyabokosi ambiri a ku Japan ma circlip, mphete zokhomera zogwira beyaringi ndi ma hub pashafiti, amabwera makulidwe osiyanasiyana, ena amakhala ndi chilembo kapena nambala, ndipo mumasankha yokhuthala kwambiri imene ingalowe mumpata mwake. Circlip ikakhala yopyapyala, shafiti imasuntha mkati mwa beyaringi yake ndipo geji imawerenga zonse pamodzi. Nati yaikulu yakumapeto kwa shafiti nayo ikhale yomangidwa pa nambala yake musanayeze.

Yauma pena, yamasuka pena. Kapu yapendekeka, kapena pali kachitsotso kuseri kwake, kapena shafiti yapindika. Shafiti muiyese poigoneka pa ma V-block, zitsulo zodulidwa mpata ngati V, nsonga ya geji ili pakati, muizunguze. Beyaringi yabodza nayo imachita zomwezi ili yatsopano. Zilipo zambiri zoikidwa m'mabokosi otengera a Koyo, NSK, NTN, SKF kapena Timken, ndiye yang'anani zolemba pachitsulo ngati zili zoyera bwino, marola ngati ali osalala, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa khalani ndi mafunso. Pa giyabokosi ndi bwino kulipira zambiri kamodzi kwa wogulitsa amene mumamudziwa.

Kupeza shimu yoyenera

Pitani ndi shimu yakale, nambala imene mukufuna yolembedwa papepala, ndi micrometer m'thumba. M'mashopu a mu Kaguvi Street mumatha kuipeza kapena kuitanitsa, ndipo kwa ophwasula magiyabokosi ku Gazaland ndi ku Magaba kumakhala mashimu akale ambirimbiri. Yakale ilibe vuto bola ikhale fulati, yopanda mzere wokumbika, ndipo muiyeze malo anayi chifukwa nambala yodindidwapo ndi ya pamene inali yatsopano. Ikasowa, tengani yokhuthala mupite nayo ku engineering ku Graniteside kapena ku Msasa akaichepetse pa surface grinder, kapena akupangireni ina ya chitsulo cholimba. Kuchepetsa ndi dzanja pasandipepala kumatheka pa 0.01 kapena 0.02 mm mutayala pepalalo pagalasi, kupitirira apo imatuluka mbali ina yopyapyala.

Zodula chitini cha chakumwa kapena lata nkuika kuseri kwa kapu, chonde abale musachite. Aluminiyamu ndi yofewa, imaphwanyika ndi kugunda kwa magiya, preload imatha ndipo tizidutswa timalowa mu oyilo. Mashimu awiri achitsulo enieni mukhoza kuphatikiza ngati buku likulola, yopyapyala ikhale kumbali ya kesingi, yokhuthala igunde kapu.

Chovuta n'choti m'magiyabokosi ambiri shimu ili kuseri kwa kapu, ndiye kusintha kulikonse ndi kuchotsa kapu yatsopano ija. Tenthetsani kesingi mozungulira dzenje ndi madzi owira, gogodani kudzera m'timipata timene anasiya, uku kamodzi uko kamodzi, ndi panchi ya brass. Shimu imene yamenyedwa ndi panchi imapindika, iyezeninso kapena muitaye. Mukaika yatsopano bwerezani zonse, kukhazika, kudikira izizire, kumanga mabawuti onse, kuzunguza, kuyeza.

Kumanga komaliza ndi kuyesa pamsewu

Shafiti iliyonse ikakhala bwino payokha, mangani zonse. Silikoni akhale wopyapyala, kamzere kochepa, wambiri amafinyikira mkati nkukatseka tinjira ta oyilo topita ku mabeyaringi. Musanakweze giyabokosi pagalimoto lowetsani magiya onse patebulo mpaka rivesi, mukuzunguza input shaft ndi dzanja. Izikhala yolemererapo kuposa poyamba chifukwa zonse zikuzungulira limodzi, koma isakakamire paliponse. Oyilo ikani amene buku likunena, magiyabokosi ambiri a manyuwo amafuna GL-4, ndipo GL-5 wina sagwirizana bwino ndi ma synchro a brass, mphete zothandiza giya kulowa mosakukuta.

Ulendo woyamba ukhale waufupi komanso wopanda katundu, mphindi 15 kapena 20, muime mugwire kesingi pafupi ndi beyaringi iliyonse. Kufunda ndi kwabwino, koma malo amodzi akatentha kwambiri kuposa pena ponse moti dzanja silingakhalepo, beyaringi imeneyo yafinyidwa mopitirira. Kulira kumene kukusintha mukaponda ndi kusiya mafuta, kapena giya kutuluka yokha mukasiya mafuta, kumaloza ku pulei yochuluka. Galimoto itaima pa nyutulo, phokoso likamveka kilachi musanaponde nkutha mukaponda, ndi mbali ya input shaft kapena layshaft, shafiti ya magiya imene input shaft imaizunguza. Likamabwera mukaponda kilachi imeneyo ndi release bearing, beyaringi ya kilachi, mashimu asiyeni. Pa galimoto zokoka ndi kumbuyo ngati Hiace ndi Hardbody giya 4 imadutsa molunjika, ndiye phokoso lomveka m'magiya ena onse nkuchepa pa 4 limachokera ku layshaft kapena input shaft.

Mukayenda makilomita mazana angapo khetsani oyilo mu beseni loyera muyang'ane maginito a pa pulagi, ngati yanu ili nawo. Kaphala kotuwa kosalala ngati ufa ndi kabwinobwino pa zitsulo zatsopano. Mukapeza tizitsulo tonyezimira timene chala chikutimva, tsitsani giyabokosi muyang'ane makapu onse, imene yasintha mtundu kukhala yabuluu kapena yofiirira ndi imene inafinyidwa kwambiri, isintheni pamodzi ndi koni yake ndipo muyeze shimu yake kuyambira poyamba.